Kolorini wa Kutsidya kwa Dambo

Zione ndi Limbani, ana anga, m'kalata muno ndiulula chinthu chimene ndakubisirani moyo wanu wonse. Bambo anu nawonso achidziwira momwemuno, ngati apeze magalasi awo. Satifiketi yanga ija ili pabalaza, ya madontho akuda m'mphepete, mwakhala mukundifunsa za iyo kuyambira muli aang'ono, ndipo ine ndinkayankha kuti inanyowa ndi mvula pa ulendo. Iyayi, sinanyowe pa ulendo. Madontho aja ndi chuku cha m'nyumba yanga yoyamba, nyumba imene inatsala pang'ono kukutsekera mpweya iwe Zione. Pofuna kuchotsa chukucho, ine mayi anu, mlangizi wa zaumoyo amene anthu anamuperekeza ndi nthungululu tsiku lopuma ntchito, ndinatenga mankhwala a madzi akumwa a mudzi wathunthu n'kutsukira khoma langa. Nditatero ndinanama.

Chaka choyamba, Nayuchi

Nditatenga satifiketi ku koleji, kalata yoyamba inandituma mbali ya ku Nayuchi, kumalire a Mozambiki. Ndinatsika sitima mwezi wa Seputembala ndi sutikesi, ndowa, ndi iwe Zione kumsana, uli ndi miyezi itatu. Bambo anu anatsala ku Liwonde kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo ankabwera mwezi ukatha atanyamula shuga ndi nsomba zowamba. Ntchito yanga inali sikelo ya ana, katemera, ndi kuyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi yozungulira. Ndinkapalasa njinga iwe uli kumsana. Anthu ankanditchula adokotala, ndipo ndinene zoona, sindinkawakonza. Dzinalo linkandikoma.

Nyumba ndinapeza ya wamalonda wina amene anasamukira ku Mozambiki. Inali yokhayo ya malata ndi simenti pamalopo, ya zipinda ziwiri, yopaka laimu. Ndinaiona nthawi ya dzuwa ili youma gwa, ndipo ndinathokoza Mulungu osadzifunsa kuti nyumba yokongola chotere ikukhaliranji yopanda munthu. Sindinaone kuti inamangidwa m'munsi mwa kamtunda, moyang'ana dambo. Sindinaonenso kuti malata ake anathera pakhoma penipeni, moti dontho lililonse la padenga linkagwera m'tsinde mwa khomalo.

Wotiyang'anira anali a Kaliwo, bambo wamfupi wanthabwala amene ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi, atavala mabuti ngakhale kunja kukutentha bwanji. Ankakonda kutiuza kuti, "Ana inu, chida choyamba cha mlangizi ndi mphuno. Musanatsegule buku, nunkhizani kaye pakhomopo." Koma eni akewo ankakoka fodya wa m'mphuno kuyambira m'mawa, moti mukanawadutsitsa pa usipa wowola akanangokufunsani kuti msika uli kuti. Zinthu zinkasowa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika, parafini wa filiji ya katemera tinkamupempherera, kolorini ankabwera ngati mlendo wolemekezeka. Chimene sichinkasowa ndi maposita. A Kaliwo akasowa chobweretsa ankamangirira mpukutu wa maposita kumbuyo kwa njinga, n'kufika akufuula ali patali: "Amake Zione, ndakubweretserani thanzi la papepala!"

Januwale, dzinja loyamba

Muyenera kudziwa kuti ndinali mayi wamantha. Ku sikelo ndinkaona ana a chibayo, nthiti zikulowa mkati popuma, ndipo ndikabwerera kunyumba ndinkakuyang'ana pachifuwa mpaka maso kuwawa. Agogo anu pondiperekeza ku sitima anandiuza kuti, "Mwanayu asamenyedwe ndi mphepo, kumeneko n'kudambo." Mawu amenewo ndinawasunga kuposa zonse za ku koleji. Mvula itayamba ndinatseka mawindo onse. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma ndinatitseka ndi nsanza. Matewera sindinkayanika panja, poopa mvula komanso ntchentche zija zimaikira mazira pa nsalu yonyowa, mwana n'kudzatuluka mphutsi pakhungu. Ndinamanga zingwe ziwiri kuchipinda, n'kumaika mbaula pansi pake kuti matewera aume msanga. M'mawa mawindo ankatuluka thukuta, ine n'kumasangalala kuti mwana wanga akufunda.

Choyamba chinali fungo, longa la thumba la chimanga chimene chakololedwa chisanaume. Kenako nsapato za kutchalitchi za bambo anu, zimene ankasiya pansi pa bedi, zinamera ubweya wobiriwira. Iwo anangoseka, amvekere, "Amake mwana, nsapatozi mwazithira feteleza?" Tsiku lina ndikusesa ndinasendeza bedi, ndipo ndinapeza khoma lada kuchokera pansi mpaka m'chiuno mwanga. Pabalaza napo chuku chinali chitayamba kukwera, ndipo chinali chitalowa kale m'felemu ya satifiketi.

Ndinachita manyazi, ana inu, manyazi oopsa. Ine amene ndinkaima pansi pa mtengo n'kumadzudzula amayi akuluakulu kuti thandala lawo lafupika, m'nyumba mwanga muoneke zimenezi? Ndinapukuta ndi nsanza yonyowa, chinabwerera. Ndiye ndinatenga maposita aja n'kumata paliponse pamene panada. Mayi wosamba m'manja anaphimba pakona, bambo wokumba chimbudzi anaphimba kuseri kwa chitseko, mwana wogona mu neti anaphimba kumutu kwa bedi. A Kaliwo atabwera anakhala pabalaza, anayang'ana uku ndi uku, n'kuomba m'manja. "Mwaona? Alangizi enieni ndi awa. Ngakhale khoma lawo likuphunzitsa!" Anakanena zimenezi kumsonkhano wa alangizi onse, ine nditakhala pompo ndikumwetulira.

Sabata yomweyo unayamba kutsokomola. Pambuyo pake m'chifuwa mwako munayamba kulira ngati chitoliro. Ndinathamanga nawe kuchipatala, ndipo adokotala enieni atakumvetsera anandifunsa kuti, "Anzathu, kunyumba kulibe utsi? Kulibe chinyezi?" Ndinayankha kuti, "Iyayi, ndi nyumba ya simenti." Anatipatsa mankhwala. Koma ndinayamba kuona chinthu chimodzi: tikachoka pa njinga kupita kumidzi, pofika masana unkapuma bwino, n'kumandikoka duku. Tikagona m'nyumba muja, m'mawa chitoliro chija chinkayambiranso.

Febuluwale

Kunamveka kuti mbali ya kunyanja ya Chilwa kwagwa kolera. A Kaliwo anafika matope mpaka m'mawondo, atanyamula kachitini kamodzi ka ufa wa kolorini. Tsiku limenelo sanaseke. Anati, "Ameneyu ndi womaliza mpaka msewu uume. Mudzi uliwonse ulandire. Musataye ngakhale dontho." Ntchito yake inali yotere: ufawo ndinkausungunula m'zigubu, amayi a komiti ya chitsime ya mudzi uliwonse ankabwera ndi mabotolo, ndipo banja lililonse linkathira kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya madzi akumwa. Pofika Lachinayi midzi yonse inali italandira, kupatula umodzi wa kutsidya kwa dambo, kumene anthu ankamwa chitsime chosaphimba. Chigubu chawo chinali pakona, chikudikira Loweruka.

Lachisanu m'mawa unadzuka ukubanika, osatha kuyamwa. Unkagwira bere, n'kulisiya kuti upeze mpweya, n'kundiyang'ana. Posita ya kumutu kwa bedi inali itayamba kumatuka, ndipo nditaikoka inachoka yonse ngati chikopa chonyowa. Kuseri kwake kunali ubweya wakuda wokhawokha, pomwe mutu wako unkagona. Sindinganame kuti ndinalimbana ndi mtima nthawi yaitali. Ndinayang'ana khoma, ndinayang'ana chigubu, basi. Ndinakusiya kwa mayi woyandikana naye nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ndinang'amba maposita onse, ndinamanga nsalu kukamwa, n'kuyamba kukwecha. Maso ankawawa, manja anasupuka, koma khoma linayera mbee. Chigubu chinatha. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti madzulo a tsiku limenelo ndinali wosangalala.

Loweruka m'mawa anafika Abiti Ndaila, mayi wachiyao wamsinkhu wa agogo anu, amene ankatsogolera komiti ya chitsime ya kutsidya. Anali atawoloka dambo madzi akulekeza m'chiuno, dengu la mabotolo opanda kanthu lili pamutu.

"Ajimwiche uli, adokotala? Tabwera ndi ana athuwa, ali ndi ludzu," anatero atandilonjera m'Chiyao, akuloza mabotolo.

"Pepani mayi," ndinayankha ndikuyang'ana pansi, "kolorini anabwera wochepa. Wathera midzi ya kuno."

"Wathera midzi ya kuno."

"Eya, mayi."

Anatula dengu, n'kupempha madzi akumwa. Pamene ndinkatunga, iwo anaima pakhomo, mutu uli mkati. Anayang'ana khoma loyera lija, zingwe za matewera, mbaula, kenako anamvetsera kupuma kwako uli kumsana kwanga. Anamwa madzi pang'onopang'ono, anati, "Sikomo," n'kusenza dengu lawo. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'madzi a dambo lija.

Kuyambira Lolemba ndinkawoloka dambo tsiku ndi tsiku, khomo ndi khomo, kuwauza kuti aziwiritsa madzi. Amayi ankandiseka. "Adokotala, tiwiritse ndi chiyani? Nkhuni zonse zikulira misozi." Sabata yachiwiri mdzukulu wa Abiti Ndaila, kamtsikana ka zaka zinayi dzina lake Asiyatu, kanayamba kutsegula m'mimba. Ndinakhala pamkeka pambali pake masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikukamwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, iwe uli pamiyendo pa agogo ake. Abiti ankati, "Adokotala awa ndi a mtima wabwino," ine n'kumangopitiriza kukamwetsa. Tsiku lachinayi kanapempha phala. Sinali kolera, ndipo m'mudzimo simunafe munthu dzinja limenelo. Koma ngati anali madzi a chitsime chija amene anakadwalitsa, kapena mango osatsuka, sindinadziwe ndipo sindidzadziwa.

Tsono imvani malipiro anga. Patangotha masabata awiri, madontho anayambanso kutuluka pakhoma pomwe paja, ndipo chitoliro chinabwerera m'chifuwa mwako. Kolorini wa mudzi wonse anangochita ngati ufa wodzola kumaso. Ndinakhala pakhonde n'kulira ngati mwana.

Malichi

M'mawa wina ndinamva "Odi!" ndipo potuluka ndinapeza Abiti Ndaila ndi amayi ena awiri, aliyense khasu paphewa. Sanadikire kuti ndiwalandire. Abiti anazungulira nyumba, anafika kumbuyo, n'kuponda m'tsinde mwa khoma. Phazi linamira mpaka m'kakolo.

"Bwerani kuno, adokotala. Sukulu yonse ija sanakuuzeni kuti madzi amatsika?"

"Anatiuza za zitsime, mayi."

"Ndiye nyumbayi ndi chitsime. Madzi a kuphiri akuima apa, a padenga akugwera apa, khoma likumwa usana ndi usiku. Inu mkati mwatseka mphuno zake ndi nsanza, n'kumaliwonjezera matewera. Mukhoza kulisambitsa mpaka Ramadani, lidzadabe. Ndi mbaula yomwe mkati, mawindo otseka! Mulungu amakukondani, mwapulumuka kawiri."

"Ndimaopa mphepo, mayi. Ndi mphutsi."

"Mphutsi zimaopa simbi. Yanikani panja, musite ndi makala otentha bwino, mbali zonse. Mphepo ndiye muvekeni mwana chipewa, osati kuveka nyumba."

Amayi aja anaseka mpaka kutsamira makasu. Mmodzi anati, "Zathu zaudzu zija mumazinyoza, koma denga limatuluka panja ngati chipewa, khonde n'lokwera. Inu munathamangira malata." Anakumba ngalande kuchokera kumtunda, kuzungulira nyumba mbali zonse ziwiri, mpaka kukatayira kudambo, ndipo madzi anayamba kuyenda tikuona. M'tsinde mwa khoma anaunjika dothi la pachulu ndi miyala, n'kutsendera motsetsereka kuti madzi a padenga azithawa. Abiti anakwera pa mtondo n'kusolola nsanza zanga m'timabowo muja imodziimodzi, akuzionetsa kwa anzawo ngati mbewa zogwidwa. Matiresi, zovala ndi sutikesi tinatulutsa padzuwa. Mphasa imene inadyeka anaitentha. Khoma tinalikwecha ndi sopo wamba ndi madzi otentha, iwe uli kutali pansi pa mango, ndipo anandiletsa kupaka laimu mpaka liume lokha. Bedi analiika pakati pa chipinda, amvekere, "Khoma si mwamuna wanu, musamagone molikumbatira."

Ndinafuna kuwaphikira, anakana kuti nthawi ya swala, pemphero lawo la Chisilamu, yayandikira. Anangomwa thobwa n'kumapita. Bambo anu atabwera kumapeto kwa mwezi anagwera mu ngalandemo ndi shuga yemwe, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti ndinakumba ndekha.

Khoma linatenga masabata angapo kuti liume, koma chuku sichinakwerenso. Pofika nthawi yokolola unkagona osalira m'chifuwa. Mphumu yako ija imakuvuta nthawi yozizira, a kwa bambo ako anaivomera kuti ndi ya kumtundu kwawo, chifukwa azakhali ako anali nayo. Mwina n'zoona. Ine ndinangokhala chete, ndipo chete ameneyonso ndikumuulula lero.

Chaka chachisanu, ulendo wa ku Nsamala

Patatha zaka zinayi anandisamutsira kwa Nsamala, ku Balaka. Limbani, iwe unali m'mimba. Tsiku lonyamuka Abiti Ndaila anabwera ku siteshoni ndi kathumba ka mpunga. Sitima inachedwa monga mwa masiku onse, ndiye tinakhala pa sutikesi. Mwadzidzidzi anati, "Amake Zione, tsiku lija mabotolo anga anabwerera opanda kanthu, koma mphuno zanga zinabwerera zokhuta. Nyumba yonse inkanunkha kolorini mpaka kumsewu."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye munkadziwa? Ngakhale nthawi imene Asiyatu ankadwala?"

"Ndinkadziwa."

"Bwanji simunandinenere kwa a Kaliwo?"

"Kuti atani, anunkhize?" Anaseka, kenako nkhope inasintha. "Ndinakwiya, musaganize kuti sindinakwiye. Asiyatu akanapita, sindikudziwa kuti ndikanakuyang'anani bwanji. Koma ndinamumva mwana wanu akupuma tsiku lija. Ndikanakhala ine, kaya, mwina ndikanatsuka ndi denga lomwe. Chimene chinandiwawa ndi bodza. Mukanandidikira n'kunena kuti, mayi, taonani khoma langa, tikanakumba Loweruka lomwelo, kolorini wathu ali m'mabotolo."

Sitima inalira. Anakunyamula iwe Zione, n'kukukweza okha pa masitepe. Sindinawaonenso. Uthenga wa maliro awo unandipeza mochedwa, ataikidwa kale tsiku lomwelo monga amachitira Asilamu.

Kwa Nsamala ndinakhalako mpaka kupuma ntchito. Mabwana anasinthasintha, ena aukali, ena aulesi, koma onse ankadabwa nane chinthu chimodzi. Pa fomu yoyendera makomo panali chimbudzi, bafa, thandala ndi dzenje la zinyalala. Ngalande panalibe, kuseri kwa kabati panalibe. Ine ndinkazungulira nyumba iliyonse n'kuponda m'tsinde mwa khoma, ndipo ndikamva mwana akutsokomola ndinkapempha kuti tisendeze bedi. Bwana wina wachinyamata anandifunsa kuti, "Mayi, kodi inu ndi a zaumoyo kapena a zamisewu?" Anthu anandipatsa dzina loti Nangalande, ndipo ndinalikonda kuposa la udokotala lija. Kolorini wa anthu sindinamukhudzenso, ngakhale kachivindikiro. Kwa a Kaliwo sindinaulule. Anamwalira akundiyesabe mlangizi wa khoma lophunzitsa.

Chaka chino, Liwonde

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndaulula lero, nditakhala chete zaka zonsezi. Zione, mwezi wathawu ndinakwera minibasi kubwera ku Balaka kudzaona mdzukulu wanga. Nyumba yako ya lendi ija ndi yokongola, ya matailosi. Koma nditangolowa, mphuno inandiuza. Mwana ankatsokomola, mawindo anali otseka, zovala za mwana zili pa chingwe m'bafa, ndipo kuchipinda, kuseri kwa kabedi kake, unakhoma kalendala pansi kwambiri, pamene munthu sangawerenge tsiku pokhapokha atagwada. Unandiona ndikuiyang'ana, n'kufulumira kunena kuti, "Amayi, tiyeni pabalaza, tiyi akuzizira." Unayang'ana pansi ndendende mmene ndinayang'anira ine pamaso pa Abiti Ndaila.

Kalendalayo sindinaikweze. Ndinamwa tiyi, ndinabwerera kuno, n'kupempha bambo ako cholembera. Loweruka ndikubwera ndi khasu, ndipo Limbani akonzeke, msana wanga sulinso wa kale. Usatsuke kalikonse, usapake kalikonse, usachite manyazi. Ungotsegula mawindo ndi kusendeza kabediko.

Koma ndisanafike, mundiyankhe nonse awiri, poti tsopano ndinu akuluakulu ndipo mmodzi wa inu wamvapo mwana wake akutsokomola. Za bodza lija musavutike, ndikudziwa kale kuti ndinalakwa. Ndikufunsa za Lachisanu lija m'mawa, mwana akusiya bere kuti apeze mpweya, chigubu cha eni ake chili pakona, ine osadziwa njira ina. Asiyatu lero ndi mayi wa ana ake, iwe Zione ukupuma. Kodi ndinachita bwino, kapena ndinangochita mwayi?